Botolo la Venansio

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa, cha 2011 chija, ndi pamene Petronela anadziwa kuti anthu a mu Chilomoni ali ndi mano. Ankagwira ntchito yothira petulo pafiling'i ina ya m'tauni, ndiye aliyense amene wagona masiku atatu pamzere n'kubwerera thanki ili youma ankamuona iye ngati ndiye wamwa mafutawo. Pamsika ankalozerana za iye ndi milomo. Kutchalitchi, pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, ena ankamupatsa nsonga za zala zokha. Zonsezo ankangozimeza. Chimene chinkamukanika kumeza ndi botolo la mlongo wake.

Mlongo wakeyo, Venansio, anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zinayi, ndipo ankakonza zamagetsi a galimoto ku Chirimba. Luso la m'manja anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Waya woti wazunguza amakaniko atatu, iye ankamupeza chimanga chootcha chisanamuthere m'manja. Vuto lake linali makutu. Tsiku lina analowa m'kanyumba ka intaneti ku Ginnery Corner n'kutulukamo ndi mapepala okhala ndi zithunzi za azungu akumwetulira pambali pa boneti, ndipo kuyambira tsikulo munthu anasanduka mneneri. Anatenga botolo lagalasi la mayonezi, n'kuikamo timapuleti todula ku mbale zachitsulo, madzi, ndi soda wophikira therere. Mawaya awiri anawalumikiza ku batire, kapaipi n'kukalowetsa ku kabuleta. Injini ikalira madzi aja ankachita thovu, ndiye iye ankati thovulo ndi mpweya woyaka umene umathandiza petulo, moti lita imodzi imayenda mtunda wa malita awiri. Pachitseko cha pikapu yake yakale analembapo ndi penti yofiira kuti IMAYENDERA MADZI.

Munthu amene wagona pamzere sakhala wovuta kumunamiza. Amatakisi angapo anamangitsa mabotolowo, ndipo eni maminibasi anayamba kumuzungulira. Umboni waukulu wa Venansio unali ulendo umodzi wokha umene anayenda kuchoka mu Blantyre kukafika ku Chikwawa, akuti geji ya mafuta osasuntha n'komwe. Sankanena kuti msewu umenewo ndi wotsetsereka kuyambira pamwamba mpaka pa Thabwa, woti ngakhale wilibala itha kukafika yokha. Za ulendo wobwerera sankazitchula.

Petronela mapepala aja sanawawerenge, koma paipi ya petulo inkakhala m'manja mwake tsiku ndi tsiku. Magalimoto a mabotolo aja ankabweranso pamzere masiku omwewo, ndi ludzu lomwelo, mofanana ndi anzawo opanda botolo. Tsiku lina watakisi wina atamufunsa maganizo ake, anamuuza mosapsatira kuti botololo ndi lokongoletsera boneti basi. Mawu alibe miyendo koma amayenda. Mawa lake Venansio anatulukira pafiling'i pomwepo, n'kuima pamaso pa mzere wonse, akulalikira kuti ogulitsa mafuta amadana ndi sayansi chifukwa madzi alibe mwini, ndipo mlongo wake weniweni wagulidwa ndi mabwana. Anthu anamuombera m'manja. Petronela anapitiriza kuthira mafuta, ndipo kuchokera tsikulo awiriwo ankangopatsana moni wa pamsewu.

Makolo awo anali kumudzi, kufupi ndi Bangula. Bambo awo, a Nikolasi, anagwira ntchito pafakitale ina ku Makata zaka makumi atatu, atapuma n'kubwerera kwawo. Mayi awo, a Anjelina, anafa ziwalo mbali imodzi, moti kwa zaka ziwiri anali bambowo amene ankawanyamula m'mawa kukawakhazika pakhonde, madzulo n'kuwalowetsanso. M'mwezi wa Seputembala chifuwa chinawavuta a Nikolasi, ndipo anabwera ku Blantyre kuchipatala. Tsiku lonyamuka analawirira kukakwera basi, ndiye poona kuti akazi awo ali m'tulo sanafune kuwadzutsa. Ankati ndi ulendo wa sabata imodzi. Anamwalira Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Okutobala.

Petronela ndiye anaimba foni kumudzi, kwa mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, amene anakaigwirizira pakhutu pa mayi. Mayiwo sanalire pafonipo. Anangoti, "Anachoka osanditsanzika. Mubwere naye ndidzamuone nkhope, mwananga. China sindikupempha."

Petronela analonjeza. Analonjeza kawiri.

Lachitatu amuna anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kunyumba kwa Petronela kukambirana za ulendo. Wotsogolera anali a Mwantumu, mng'ono wa malemu, mkulu wokonda mtendere kuposa choonadi, amene anakalambira pa ulonda ku Ndirande. Galimoto yochita hayala inali isanapezeke, chifukwa aliyense ankafunsa funso limodzi, loti mafuta muli nawo. Ndiye Venansio anaimirira n'kunena kuti bambo ake sangavutike iye ali moyo. Pikapu ilipo, muli malita khumi ndi anayi, ndipo ndi botolo lija malita amenewo akafika ku Bangula n'kutsalako oyambira ulendo wobwerera.

Petronela anali kumbali akutsuka makapu, koma anamva. Anabwera n'kugwada chapatali monga mwa ulemu, n'kunena kuti pikapu yakale ngati ija, itanyamula bokosi ndi anthu, singafike ku Bangula ndi malita osakwana makumi awiri. Venansio anaseka, n'kufunsa amunawo ngati wothira mafuta amadziwa injini kuposa woikonza. A Mwantumu anakweza dzanja n'kunena kuti pamaliro sakanganirana, ndipo mwana wamwamuna wa malemu walankhula. Anamuuza Petronela kuti akaone za kukhitchini.

Sanabwerere kukhitchini. Anapita kuntchito kwake, kumene bwana anali ataletsa kuthira mafuta m'zigubu, n'kukagwada pasimenti ya mafuta ija, anthu a pamzere akuonerera. Mayi wa ana atatu, wa zaka makumi anayi, kugwadira mwamuna woti si bambo ake. Bwanayo anakana kawiri, kachitatu n'kuyang'ana kumbali, ndipo Petronela anadzaza malita makumi awiri m'chigubu chachikasu chimene kale munali mafuta ophikira. Makondakitala a minibasi atanunkhiza anamukana, ndiye anachisenza pamutu kuchokera m'tauni mpaka ku Chilomoni, chitunda chonse chija. Atafika anachikweza yekha pa pikapu, n'kuchimangirira pakona kuseri kwa kabini ndi kansalu kong'amba ku chitenje chake. Venansio anaona zonsezo, sananene kanthu. Petronela anayesa kuti kukhala chete kumeneko ndi kuvomera, ndipo pamenepo ndi pamene anaphonya.

Lachinayi kutangocha, Petronela ndi a Mwantumu anatsogola kumochale ndi suti ya malemu, Venansio n'kutsala kuti abwere ndi galimoto ndi bokosi. Petronela anatenganso lezala. Bambo ake sankapita ku Misa ndi ndevu ngakhale tsiku limodzi, ndiye anaumirira kuti osambitsa awamete. Atamaliza anamuitana kuti aone. Nkhope inali yosalala, kachipsera ka pachibwano kali poonekera, milomo ili ngati ya munthu amene akufuna kunena nthabwala koma akudikira kuti ena amalize kulankhula. Petronela analira, koma mumtima anali ndi kachimwemwe, poganiza kuti mayi akaona nkhope imeneyi.

Wogwira ntchito kumochaleko anawakokera pambali. Anati magetsi akhala akuzimazima sabata yonse, mafiriji sakuzizira bwino, ndipo mankhwala obaya thupi anatha. Atamva kuti ulendo ndi wa kuchigwa, mu Okutobala, anapukusa mutu. "Mukafike dzuwa lisanafike paliwombo, mukatsegula bwinobwino," anatero. "Likapendeka, musakayese."

Venansio anafika mochedwa ndi theka la ola, ndipo sanabwere yekha. Anali ndi amuna awiri amimba zawo, eni maminibasi a mu Chilomoni, amene sankamudziwa n'komwe malemuyo. Mmodzi anasuzumira geji, wina anamata chitsekerero cha thanki ndi tepi n'kusainapo dzina lake. Petronela atafunsa kuti zimenezi n'zotani, Venansio anati n'zoteteza kwa akuba mafuta, masiku ano anthu alibe manyazi ngakhale pamaliro. Petronela sanakhutire nalo yankholo. Koma anayang'ana pakona, n'kuona chigubu chake chili pomwe anachisiya, chomangidwa ndi kansalu komwe kaja, ndiye mtima unakhala pansi. Achite masewera ake, anaganiza choncho, bola mafuta alipo.

Ananyamuka cha m'ma seveni koloko. Kutsogolo kunakhala Venansio ndi a Mwantumu, kumbuyo Petronela ndi amayi anayi a kumphakati wa tchalitchi chawo, atazungulira bokosi. Petronela anakhala pakona, dzanja lili pa chigubu. Potsetsereka mapiri, Venansio anachotsa giya, galimoto n'kumangoyenda yokha mwakachetechete, ndipo pakona iliyonse ankatulutsa chala chachikulu pawindo kuti mlongo wake aone. Amayi aja ankaimba nyimbo za maliro, mphepo ikuwalanda mawu.

Atawoloka Shire kutentha kunawalandira. Amene sanafikeko kuchigwa mu Okutobala asamatsutse za kutentha. Mphepo yake imakhala ngati yochokera mu uvuni wa buledi, ndipo chitsulo cha galimoto sichigwirika. Ku Nchalo anadutsa filing'i ili ndi mzere wa magalimoto okutidwa ndi fumbi, eni ake atagona pansi pa mitengo, mapampu ali okulungidwa ndi matumba. Petronela anagogoda pagalasi la kabini kuti aime athire za m'chigubu, injini isanayambe kukoka zinyalala za pansi pa thanki. Venansio anangoliza hutala n'kupitirira.

Anadutsa Ngabu. Atayenda pang'ono, pamalo opanda nyumba, pongokhala minga ndi mibuyu, injini inatsokomola. Inatsokomolanso, galimoto n'kugwedezeka, kenaka inazima. Inayenda yokha kamtunda kochepa n'kukaima m'mbali mwa msewu. Nthawi inali itangopitirira teni koloko, ndipo kumudzi kunali kutatsala makilomita oposa makumi awiri.

Kunena zoona, Petronela anamva kukoma. Ndi tchimo kumva kukoma uli pambali pa bokosi la bambo ako, koma anamva. Anamasula kansalu kaja mosafulumira, kuti Venansio, amene anali atatsegula kale boneti, aone bwino. Nthawi inalipo yokwanira. Kuthira n'kuliza injini, pofika leveni koloko akhala ali pakhomo.

Atachinyamula chigubucho, mkono wake unadziwa mutu usanadziwe. Munthu amene wanyamula petulo zaka khumi ndi ziwiri amadziwa kulemera kwake, ndipo ichi chinali cholemera kuposa dzulo. Anatsegula. Fungo la petulo linalipo pakamwa pa chigubu, koma lozirala. Anapendeketsa pang'ono, n'kuthira padzanja. Sizinaume, sizinazizire pakhungu monga amachitira petulo. Zinangotsetsereka n'kudontha pansi.

Anatsika pagalimoto, n'kuzungulira mpaka kutsogolo, dzanja lija ali chitambasulire.

"Venansio, ichi n'chiyani?"

Venansio sanadzutse mutu. Anati kapaipi kangotsekeka, akonza pompano.

"Ndakufunsa kuti m'chigubu mwanga muli chiyani."

"Mafuta anu alipo, asisi," anatero, akulankhula ndi injini. "Ali kunyumba, m'diramu, kuchipinda kwanga. Sindinagulitse ngakhale dontho. Mukawapeza onse."

A Mwantumu anali atatsika, chipewa chili m'manja. Amayi aja anasiya kudzipepesa ndi nsalu. Ndiye zonse zinatuluka, pang'onopang'ono, monga zimatulukira kwa munthu wogwidwa. Eni maminibasi aja anali atamuuza kuti akafika ku Bangula ndi malita khumi ndi anayi amangitsa mabotolo m'maminibasi awo onse, ndipo anzawo atsatira. Koma anati pagalimoto pasakhale petulo wina aliyense, apo ayi tesitiyo ilibe ntchito. Ndiye m'mawa uja, Petronela ali kumochale kumetetsa bambo ake, Venansio anakhuthula chigubu pamaso pa amunawo n'kudzazamo madzi a pampopi, kuti mlongo wake asachite phokoso.

"Ndinali shuwa kuti tifika," anatero. "Mapepala aja amanena momveka. Mwina soda wachepa."

Petronela anadabwa kuti mawu ake anatuluka otsika. "Bambo ako wawasandutsa tesiti."

"Musatero, asisi."

"Ndinagwada ine. Ndinasenza pamutu kuchokera m'tauni. Iwe n'kutenga mtembo wa bambo ako kukaitanira makasitomala." Anamuyandikira mpaka Venansio anabwerera m'mbuyo n'kutsamira galimoto. "Madzi ndi awo, malita makumi awiri. Pachitseko walemba wekha. Thira tizipita."

A Mwantumu analowa pakati, akuti ana anga, ana anga, malemu akumva. Petronela anawatembenukira n'kuwauza kuti amve ndithu, ndipo amvenso kuti dzulo pansi pa mtengo panali munthu amene ananena zoona n'kutumizidwa kukhitchini. Mkuluyo anali asanayankhidwepo chotero ndi mwana wamkazi chibadwire.

Zimene zinatsatira zinali zomvetsa chisoni ndi zopsetsa mtima nthawi imodzi. Venansio anawonjezera soda m'botolo, analiza sitata, anawonjezeranso, analizanso, mpaka batire linayamba kulira ngati mwana wa mbuzi n'kuthera pomwepo. Wakabaza wina wodutsa anamutuma ku Ngabu ndi kachigubu kuti akafune petulo kwa ogulitsa mobisa. Anabwerako patatha ola ndi theka, thukuta lili kamukamu, kachigubu kali kopanda kanthu, akuti ngakhale ogulitsa a ku Mozambiki sanabwere sabata imeneyo. Msewu umene masiku abwino pamadutsa galimoto mphindi iliyonse unali zii. Inadutsa basi imodzi yodzaza mpaka pakhomo. Inadutsa lole, dalaivala anaima, koma ataona bokosi anati mwini galimoto salola kunyamula maliro a eni, n'kupita. Foni ya mphunzitsi uja inkangoitana osayankhidwa, kenaka netiweki inathawa.

Amayi aja anavula zitenje zapamwamba n'kuzimanga pamwamba pa bokosi kuti pakhale mthunzi. Mmodzi anati azinyowetse, mwina kuzizirako kuthandiza. Ndiye madzi a m'chigubu aja anapeza ntchito. Petronela ankaviika nsalu, kuyala pabokosi, ikauma kuviikanso, maso ali pa chithunzithunzi cha galimoto chimene chinkafupikirafupikira mpaka chinalowa pansi pa matayala. Dzuwa linafika paliwombo iye akuliona. Analankhula ndi bambo ake chamumtima, kuwapempha kuti apirire pang'ono.

Cha m'ma wani koloko kunatulukira ngolo ya ng'ombe ziwiri itanyamula nkhuni. Mwini wake, bambo wina wowonda dzina lake Nedson, anaima yekha asanamuimitse, anavula chipewa, n'kumvetsera. Sanafunse zambiri. Anatsitsa nkhuni zake zonse m'mbali mwa msewu, anayala udzu m'ngolo, n'kunena kuti ng'ombe zake sizithamanga koma sizinaimepo panjira. Anawerenga mawu ofiira a pachitseko cha pikapu, anayang'ana Venansio, n'kukagwira zingwe zake.

Venansio anati iye atsala kuti alondere galimoto. Petronela anati atsale ndithu, iye ndi botolo lake, akaikane m'manda okhaokha. Koma a Mwantumu anati mwana sathawa maliro a bambo ake, galimoto aisiye. Anawonjezera, akuyang'ana Petronela, kuti chibale ndi fupa, sichiola. Tsiku limenelo Petronela sanafune kumva mawu akuti kuola kuchokera pakamwa pa munthu aliyense.

Anayenda. Bokosi pangolo, amayi awiri okalamba pambali pake, ena onse pansi. A Nikolasi, amene anagwira ntchito m'tauni zaka makumi atatu n'kumanyadira kuti mwana wawo ali ndi galimoto, ankabwerera kwawo pa liwiro la ng'ombe. M'midzi ya m'mbali mwa msewu anthu ankaimirira, amuna kuvula zipewa, amayi kukhala pansi mpaka ngolo idutse. Venansio ankayenda kumbuyo kwenikweni, yekha, manja akuda ndi girizi. Palibe amene anamuyankhula.

Cha m'ma fili koloko ntchentche zinayamba kubwera. Poyamba ziwiri zitatu, zoti munthu n'kuziingitsa ndi kanthambi n'kunamizira ng'ombe. Kenaka mphepo inatembenuka, ndipo aliyense anamva. Amayi a pangolo aja anapempha kuti atsike awongole miyendo, ndipo sanakwerenso. Nyimbo inatha yokha. Petronela yekha ndiye anakhalabe pafupi, dzanja lili pa thabwa la ngolo, akuingitsa ntchentche ndi nsalu, misozi ikuuma pamasaya isanafike pachibwano. Chidani chimene anali nacho pa mlongo wake chinali choti akanapatsidwa mpeni sakanadzikhulupirira.

Anafika pamudzi dzuwa litafiira. Manda anali atakumbidwa kuyambira m'mawa. Wansembe anadikira mpaka thu koloko n'kupita kukachita Misa kwina, kutsala katekisiti yekha. Anthu amene anakhala padzuwa tsiku lonse anaimirira ataona ngolo, ndipo kulira kumene kunayamba kunali kosokonekera ndi kudabwa. Adzukulu, amuna okumba manda ndi kunyamula maliro, anabwera kudzalandira bokosi. Mkulu wawo atangoligwira anaima, anayang'ana anzake, n'kupita kukanong'oneza a Mwantumu. Petronela sanafunikire kumva mawuwo. Bokosi silitsegulidwa, ndipo liyenera kulowa m'manda kusanade.

Mayi ake anali pakhonde, pamkeka, atatsamira khoma. Anali atawasambitsa m'mawa, atawaveka chitenje cha amayi a Chikatolika ndi duku loyera, ndipo anakana kulowetsedwa m'nyumba tsiku lonse kuopa kuti galimoto ingafike iwo ali m'kati. Petronela anagwada patsogolo pawo. Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe, maso anali pa bokosi.

"Bweretsani kuno," anatero.

Adzukulu anazengereza, koma analibweretsa n'kulitsitsa pakhonde, pafupi ndi mkeka. Mayiwo anadikira. Ataona kuti palibe akugwira zomangira, anayang'ana a Mwantumu. Mkuluyo anagwada, n'kuyamba kuzungulira, akuti alamu, dziko lavuta, mafuta asowa paliponse, ulendo unatalika, ndiye akuluakulu aona kuti n'kwabwino tiwakumbukire monga tinkawadziwira. Akulankhula choncho mphepo inadutsa pakhondepo. Mayi Anjelina anatseka maso. Anali mayi wa kuchigwa, anaikapo anthu ambiri m'miyezi yotentha, ndipo sanafunikire wowamasulira.

Anatambasula dzanja lawo lamoyo lija n'kuliika pa chivundikiro, kumutu. Analiyendetsa pang'onopang'ono pathabwapo.

"Petronela, iwe unamuona?"

"Ndinawaona, mayi."

"Munamumeta?"

"Tinawameta. Ndinapita ndi lezala ndekha."

"Kachipsera kaja kamaoneka?"

"Kamaoneka, mayi. Anali ngati akufuna kuseka." Kenaka anawonjezera, "M'mawa uja anali bwinobwino. Mukanawaona."

Mayiwo anagwedeza mutu, dzanja likuyendabe pathabwa. Kenaka anafunsa, osati mokalipa, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Nanga munachedwa kuti, mwananga? Unandilonjeza."

A Mwantumu anamuyang'ana Petronela ndi maso opempha. Yankho losavuta linalipo, lomwe dziko lonse likanavomereza, loti mafuta anasowa. Petronela analiona yankholo, n'kulisiya. Anadzuka, n'kuyang'ana m'khamulo mpaka anamupeza Venansio ataima kumbuyo, pafupi ndi ngolo. Anthu anatsatira maso ake, ndipo anapatuka okha, pakati n'kutseguka njira.

"Mafuta analipo, mayi," anatero, mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Mwana wanu wamwamuna ndi uyo. Abwere akuuzeni kumene anawasiya."

Venansio anayenda njira imeneyo mutu uli pansi. Atafika pakhonde anagwada, anatsegula pakamwa, koma munthu amene analalikira mzere wonse wa pafiling'i analibe liwu ndi limodzi lomwe. Mayi ake anamuyang'ana, akudikira. Anadikira ndithu.

Mkulu wa adzukulu anayang'ana kumadzulo n'kunena motsitsa kuti nthawi yatha. Amuna anayi anawerama n'kunyamula bokosi. Thabwa linachoka pansi pa dzanja la mayi Anjelina, ndipo dzanjalo linatsala m'malere, zala zikuyendabe.